Momwe mungawerengere mawu a Chingerezi onena kuti chinthu chizichitika kangati

Pa fomu ya ngongole, kalata ya ntchito kapena pangano la lendi pamakhala mawu ngati weekly, quarterly kapena biannual. Ntchito yawo ndi kukuuzani kuti mudzalipira, kulandira kapena kusonkhana kangati. Ambiri mwa mawuwa savuta, koma angapo amasocheretsa ngakhale eni chilankhulo, ndipo kusochera kwake kumathera m'thumba.

Choyamba, pezani tsinde la liwulo. Daily ndi tsiku lililonse, weekly sabata iliyonse, monthly mwezi uliwonse, annually kapena yearly chaka chilichonse. Apa palibe chovuta. Quarterly ndi miyezi itatu iliyonse, kanayi pa chaka, koma funsani kuti chaka chakecho chikuyambira pati. Kuyambira 2022 chaka cha zachuma cha boma la Malawi chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kota yoyamba ndi Epulo, Meyi ndi Juni, pomwe bungwe lotsatira kalendala wamba limayambira Januwale.

Chachiwiri, fortnightly ndi masiku 14 aliwonse. Liwuli linachokera ku mawu akale a Chingerezi otanthauza mausiku khumi ndi anayi, ndipo limamveka kwambiri ku Britain ndi ku Australia. Tanthauzo lake ndi limodzi basi, n'chifukwa chake ndi labwino polemba.

Chachitatu, mukaona liwu loyamba ndi bi-, imani kaye. Biweekly ingatanthauze kawiri pa sabata, ingatanthauzenso kamodzi pa masabata awiri, ndipo madikishonale amavomereza zonse ziwiri. Bimonthly nayonso ndi chimodzimodzi: wina akutanthauza misonkhano 24 pa chaka, mnzake akuyembekeza 6 yokha. Komiti ya banki m'khonde ikalemba liwuli m'malamulo ake, mkangano wa zindapusa za ojomba sumachedwa.

Pa malipiro, biweekly kawirikawiri imatanthauza masabata awiri aliwonse, ndipo izi zimasiyana ndi semi-monthly, yomwe ndi kawiri pa mwezi, mwachitsanzo pa 15 ndi pa 30. Zimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma werengani. Masabata 52 mukawagawa pawiripawiri mupeza malipiro 26, pomwe kawiri pa mwezi ndi 24. Wolandira K150,000 ulendo uliwonse apeza K3,900,000 pa chaka ngati ndi masabata awiri aliwonse, kapena K3,600,000 ngati ndi kawiri pa mwezi. Ngati ndi ngongole, ndinu amene mukutulutsa K300,000 yosiyanayo.

Chachinayi, siyanitsani biannual ndi biennial, zomwe zimasiyana zilembo zochepa chabe. Biannual ndi kawiri pa chaka, biennial ndi kamodzi pa zaka ziwiri. Alimi a kudimba ali ndi chokumbukirira: karoti, kabichi ndi anyezi amatchedwa mbewu za biennial chifukwa mwachilengedwe zimachita maluwa ndi kubala njere m'chaka chachiwiri. Mukafuna kunena kuti miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, semi-annual kapena half-yearly ndi omveka bwino, poti semi- ndi theka. Decennial ndi zaka khumi zilizonse, ngati kalembera wa anthu amene anachitika mu 1998, 2008 ndi 2018.

Chachisanu, pa chiwongoladzanja yang'anani liwu lotsatira per. Per annum, kapena p.a. mwachidule, ndi pa chaka. Pa K200,000, chiwongoladzanja cha 5% per annum ndi K10,000 chaka chonse, koma 5% per month ndi K10,000 mwezi uliwonse, K120,000 pofika kumapeto kwa chaka, tisanawerengere chiwongoladzanja chobereka chinzake. Tilembo tiwiri ta p.a. tija nthawi zambiri timakhala tating'ono kwambiri pa fomu.

Palinso every other day, kutanthauza kudumphitsa tsiku limodzi: Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, Lamulungu. Ikalembedwa pa kathumba ka mankhwala, funsani wakufamase akuuzeni masiku ake enieni musanachoke pawindo.

Pomaliza, musanasaine chilichonse, uzani wolembayo kuti aike madeti atatu oyamba a malipiro kapena misonkhano m'manambala, monga 5 Meyi, 19 Meyi ndi 2 Juni. Masikuwo amaonetseratu ngati ndi masabata awiri kapena kawiri pa mwezi. Mukamalemba nokha, siyani bi- yense ndipo lembani twice a week, every two weeks kapena every two months, kenako muikenso chiwerengero cha malipiro onse pa chaka.