Kupanga ufa wa carbon nitride ndi kutsimikiza kuti ukusinthadi carbon dioxide

Masamba amatenga carbon dioxide, madzi ndi kuwala n'kupanga shuga. M'labotale ntchitoyi imagwiridwa ndi ufa wokoka kuwala, ndipo chotuluka nthawi zambiri ndi carbon monoxide kapena methane. Ufa wa titanium dioxide, womwe Fujishima ndi anzake ku Japan anauyesa mu 1979, umangokoka kuwala kosaoneka ndi maso kwa UV, komwe m'dzuwa ndi kochepa kwambiri. Carbon nitride imakokanso kuwala kobiriwira ngati thambo, kufikira pafupifupi 460 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), ndipo imapangidwa kuchokera ku urea.

Yezani magalamu 10 a urea wa mulabotale. Urea wa feteleza musiyeni, chifukwa amakhala ndi zina zosakanizidwamo zomwe zingasokoneze zotsatira. Muikeni m'kamphika ka alumina n'kuvindikira. Mukapanda kuvindikira, pafupifupi yense amauluka ngati nthunzi. Kwezani kutentha kwa ng'anjo ndi madigiri 5 pa mphindi mpaka madigiri 550 Celsius, musiye pamenepo maola awiri kapena anayi, kenako zizizire zokha. Pamatuluka amoniya wambiri, choncho ng'anjo ikhale pomwe pali chokokera mpweya kunja. Ufa wotsala umakhala wachikasu chotuwa, wopepuka, wosakwana galamu imodzi. Musakhumudwe, ndi momwe urea amachitira. Mukapyola madigiri 600 ufawo umayamba kuwonongeka. Uperani m'kamtondo.

Poyesa, yalani mamiligalamu 20 mpaka 50 a ufawo pansi m'kati mwa chotengera chosalowa mpweya, chokhala ndi zenera la quartz. Dutsitsanimo carbon dioxide wodzera m'madzi kwa mphindi 30 kuti okosijeni yense achoke, chifukwa akatsalamo amalanda ma electron (tinthu tamagetsi tomwe kuwala kumamasula mu ufawo) omwe akanasintha carbon dioxide. Yatsani nyali ya xenon ya mawati 300, muziziritsa chotengeracho ndi madzi, ndipo ola lililonse muzitapa mpweya pang'ono n'kuuyeza pa gas chromatograph, makina osiyanitsa ndi kuyeza mipweya. Zotuluka zikachepetsetsa, kawirikawiri n'chifukwa ma electron akubwerera m'malo mwawo asanagwire ntchito. Timibulu ta kopa kapena platinum pamwamba pa ufa timathandiza kuwagwira.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Zotuluka zimakhala zochepa zedi, moti mafuta a m'zala, zotsalira za mowa wotsukira kapena ufawo pawokha zitha kutulutsa carbon monoxide ndi methane, inu n'kumaganiza kuti zachokera ku carbon dioxide. Bwerezani kuyesako mumdima, kenako popanda ufa, kenako ndi argon (mpweya wosachita kanthu ndi zinthu zina) m'malo mwa carbon dioxide. Pakatuluka kanthu pansi pa argon, ndiye kuti pali zinyalala. Umboni wolimba ndi kugwiritsa ntchito carbon dioxide wa carbon-13 (mtundu wa carbon wolemererapo pang'ono) n'kuona pa mass spectrometer (makina ozindikira zinthu potengera kulemera kwake) ngati carbon-13 yemweyo akupezeka m'chotulukacho.

Yezaninso okosijeni. Ngati madzi akugawikadi kuti apereke ma electron, okosijeni ayenera kuoneka. Ambiri amathiramo mankhwala otchedwa triethanolamine kuti ntchito ifulumire, koma zikatero ma electron akuchokera ku mankhwalawo, osati kumadzi, ndipo izi muzilembe poyera m'zotsatira zanu.