Mukapita kukacheza ku Germany, chitani izi

Mlongo wanga anakwatiwa ndi Mjeremani ku Dortmund ndiye ndinakakhalako milungu itatu, ndipo chibwerereni anzanga pa Kapata amangondifunsa ati anthu ake ndi aukali eti? Si aukali ayi, kungoti amakhulupirira zimene mwanena ndi pakamwa panu, ndipo mukagwira pamenepo zina zonse zimayenda.

Za viza sindichedwapo, mumafunsira ya Schengen ku Lusaka, kalata yokuitanani ikhale m'manja. Muchikwama musaike nyama yofutsa kapena zamkaka, malamulo a EU salola. Chitenje chabwino cha apongozi a m'bale wanu chikwanira, ine ndinatenga ziwiri ndipo amayi aja china anayala patebulo tsiku lomwelo.

Manje nkhani ya chakudya mumvetsetse. Kuno mlendo akapatsidwa nsima amayamba wakana kaye, "ayi zikomo ndadya kale", podziwa kuti eni nyumba aumirira mpaka asambe m'manja. Uko musayese. Tsiku loyamba mlamu wanga anandifunsa ngati ndidye kanthu, ine mwaulemu ndinati ayi, iye anangoti chabwino n'kubweza tchizi mufiriji, osati chifukwa cha umbombo koma anaona ngati kundikakamiza n'kusandilemekeza. Ndiye mukafuna nenani kuti inde, mukakhuta nenani kuti ndakhuta. Ndipo madzulo nyumba zambiri saphika, amadya buledi wakuda ndi tchizi ndi soseji yozizira, amati Abendbrot, ngati mimba yanu sigona popanda nsima funsani shopu ya zakudya za ku Africa mugule ufa, muwaphikire tsiku limodzi ndi ndiwo zotendera, amakondwa zedi ndipo amafunsa mafunso ambiri.

Akati bwerani 15 hours kudzamwa khofi ndi keke ndiye kuti 15 hours yomweyo. Pakhomo vulani nsapato, nthawi zambiri amakupatsani masilipasi. Lamlungu mashopu amatseka, gulani zonse Loweruka. Achikulire muwaitane "Sie" omwe ali ngati "inu" wathuyu, "du" ndi "iwe", dikirani iwo eni akuuzeni kuti tiziitanana du.

Nthabwala ali nazo, vuto ndi loti akamaseleula nkhope sisintha, ndiye umakhala ukudikira kuti aseke iwo osaseka. Tikudutsa pa sitima mlamu wanga analoza chikwangwani cha Bielefeld n'kunena motsimikiza kuti tawuni imeneyo kulibe, ndi bodza la boma. Ine ndinadabwa poti nyumba ndikuziona ndi maso, mpaka mlongo wanga anandiuza kuti ndi nthabwala ya dziko lonse kuyambira cha m'ma 1990. Amakondanso kuseka sitima zawo zikachedwa. Pamenepo sekani nawo, koma za nkhondo ndi Hitler musaseleule ngakhale pang'ono, n'zowawa kwa iwo.

Koma ngati mukufuna Mjeremani akutsegukireni mtima, yambani za mpira, makamaka funso loti kalabu mwini wake ndani. Kuyambira 1998 ali ndi lamulo lotchedwa 50+1, tanthauzo lake mamembala a kalabu, masapota wamba olipira ndalama ya pachaka, ndiwo ayenera kukhala ndi mavoti ambiri, munthu wandalama angaike zake koma sangagule timu yonse ngati mmene zimachitikira ku England. Ngakhale Bayern Munich ndi kukula kwake konse, 75 peresenti ndi ya kalabu ya mamembala, yotsalayo ndiyo agawana Adidas, Audi ndi Allianz. Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg analoledwa kukhala a kampani chifukwa anayamba ngati matimu a antchito a Bayer ndi Volkswagen, ndipo anthu amang'ung'udzabe.

Dzina loti musalitame pagulu ndi RB Leipzig. Ine poganiza za Patson Daka ndi Enock Mwepu amene anatchuka ku Red Bull Salzburg ya ku Austria ndinati Red Bull imathandiza anyamata athu, tebulo lonse linangoti zii, kenako mlamu wanga anaika kapu pansi n'kuyamba kufotokoza pafupifupi ola lathunthu. Timu ya Leipzig inakhazikitsidwa 2009 kampani ya zakumwa ya Red Bull itagula malo a katimu kakang'ono ka mu divishoni yachisanu, pofika 2016 inali mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, ndipo mamembala ovota ndi ochepa kwambiri, ndiye masapota ena amati lamulo analizemba. Dzina lomwe amalemba RasenBallsport kuti zilembo za RB, zoimira Red Bull, zikhalebe. Mu February 2024 masapota a matimu ambiri ankaponya mipira ya tenesi m'bwalo magemu n'kuima, pokana kuti ligi igulitse gawo la ndalama za TV kwa kampani yoika ndalama, ndipo ligi inagonja, dilo ija inafa.

Ine zinandikhudza. Kuno matimu akuluakulu ndi a makampani ndi mabungwe, Zesco United, Zanaco, Green Buffaloes ya asilikali, ndipo n'zoona kuti popanda iwo osewera sakanalandira malipiro, koma sapota amene amapsa ndi dzuwa sabata ndi sabata alibe voti olo imodzi. Akakufunsani za kwathu afotokozereni zimenezi mosabisa, amamvetsera ndi chidwi, mlamu wanga mpaka anafuna kudziwa ngati ku Eastern Province tili ndi timu yathuyathu ya anthu.

Gemu imodzi muonere ndithu. Sitediyamu ya Dortmund imalowa anthu opitirira 81,000 ndipo mbali yakumwera anthu pafupifupi 25,000 amaonera chiimire, onse chikasu, akayamba kuimba phokoso mumalimva pachifuwa. Matikiti amavuta ndiye muuzeni m'bale wanu asake musananyamuke n'komwe ku Chipata. Mukamagundanitsa makapu n'kunena "Prost" muyang'aneni mnzanuyo m'maso. Valani jekete yotentha, ndipo isakhale ya buluu, umenewo ndi mtundu wa Schalke 04, adani awo a ku Gelsenkirchen.