Mmene tingatetezere nsomba zoswana ku mankhwala otayidwa

Ine ndimauza anzanga kuno ku Senga Bay kuti mankhwala otsala, kaya a kuchipatala, a ng'ombe kapena a m'munda, asamafike m'madzi. Mapiritsi olera ali ndi mahomoni (mankhwala oyendetsa za kubereka m'thupi) amene amasokoneza nsomba zazimuna mpaka kulephera kubereka bwino. Madzi akatentha, monga mu Okutobala ndi Novembala, mpweya umachepamo ndipo nsomba zimafooka msanga.

Chambo chimandidetsa nkhawa kwambiri. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi n'kusunga mazira ndi ana m'kamwa. Ana akatuluka amakulira m'madzi osaya, momwe timachapira.

Choncho mapiritsi otha ntchito musataye m'ngalande kapena mumtsinje wa Linthipe. Kafunseni kuchipatala kapena kufamase kuti atayidwe bwanji. Mpope wopoperera mbewu tsukirani kumunda. Chimbudzi kumbani mamita osachepera 30 kuchokera kumadzi. Neti ya udzudzu ili ndi mankhwala, komanso imakokolola ana a nsomba, musaphere usipa.

Bango ndi mitengo ya m'mbali mwa madzi zisiyeni, zimapereka mthunzi ndi pobisala. Ndipo nyanja akatseka, monga amachitira ku chilumba cha Mbenji, makoka akhale kumtunda.