Matapeti akamalira musathamangire kumanga

Chiyambireni nyengo ino yokonza mathalakitala ndi mainjini opopera madzi ndaona mahedi angapo, kumtunda kwa injini komwe kumakhala mavalavu, atatsitsidwa, ndipo onse matenda ake ndi amodzi, valavu ya ekizozi yapsa, m'mphepete mwake mwadyeka ngati munaluma khoswe. Ukafunsa kuti zinayamba bwanji yankho ndi lomwelo, akuti injini imamveka tchi tchi tchi kumtunda ndiye tinamanga matapeti kuti phokosolo lithe. Abale inu, khalidwe limeneli tidzalisiya liti?

Pa injini zakale za mapushirodi (timitengo tachitsulo tokankha marocker), zija zoti matapeti ake si a hydraulic odzitchuna okha ndi oyilo, kampata kamene mumachepetsa mukamanga matapeti, kali pakati pa rocker (kachitsulo kokankha valavu kuti itseguke) ndi nsonga ya valavu, sikanabwere chifukwa chakutha ayi, anakaika dala opanga injiniyo. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndiye valavu makamaka ya ekizozi yomwe imakhala pamoto nthawi zonse imadya kampata kaja injini ikagwira ntchito. Inu mukamanga mpaka kampatako katha injini ili yozizira, ikatentha valavuyo siikhalanso bwino pampando wake, imatsala yotseguka pang'ono ngati chitseko chotsamira mwala. Tsono kutentha kwambiri kwa valavu kumachoka pamene yakhudza mpando wake mu hedi, ndi pomwe imapumira, mukaimana zimenezo moto umadutsa pakampatako ngati wa owotcherera zitsulo mpaka kuiboola. Kompuleshoni yapita, mphamvu zapita, mafuta ikumwa osati masewera, kenako mukugula mavalavu, gasiketi ya hedi, kukasulitsa mipando, thalakitala ili gone pamene anzanu akulima. Zonsezo chifukwa chodana ndi kaphokoso komwe injini zimenezi zimakhala nako mwachibadwa.

Chimene chimandiwawa ndi anthu oti "ife timatchuna ndi khutu, tinayamba kale". Khutu silingayeze 0.30 mm. Injini ya Perkins 4.236 imafuna mpata wa 0.30 mm ili yozizira, Land Rover ya 2.25 imafuna 0.25 mm, Volkswagen Beetle 0.15 mm yozizira. Manambala atatu osiyana amenewa inu muwasiyanitsa ndi khutu? Feeler gauge, choyezera kampatako, ndi kachipangizo kakang'ono kokwana m'thumba la malaya koma anthu amakaona ngati nkofunika ana asukulu okha.

Mlimi wina wachikulire anandiitana kuti ndikaone thalakitala yake imene imakana kulira ikatentha, m'mawa imalira bwinobwino koma akaizimitsa masana basi mpaka izizire, ndipo pulawo imakoka movutikira. Ndinati bambo, wagwirako ndani kumtundaku? Iwo akuti "alangizi, ndi mphwanga, anamanga koyamba phokoso silinathe ndiye anabweranso nkuonjezera". Kawiri! Nditasuzumira pambali pa injini ndinaona mwaye wakuda pomwe manifodi ya ekizozi imagwirana ndi hedi, gasiketi inali itaphulika ndipo bawuti imodzi inali itaduka. Phokoso lomwe amalithamangitsa lija silimachokera ku matapeti nkomwe, unali utsi ukuthawa pagasiketi, ndipo iwo eni anavomera kuti limamveka kwambiri m'mawa nkumachepa injini ikatentha. Chizindikiro chake ndi chimenecho, chitsulo chikafufuma chimatseka pothawira paja. Anataya mavalavu awiri abwinobwino, ndinamva nawo chisoni kwambiri bambo aja chifukwa mvula inali itayamba kale.

Enanso ndi aja othira oyilo wolimba kuti phokoso libisike. Ngati injini yanu ndi ya matapeti a hydraulic ndipo ikulira, nthawi zambiri ndi oyilo wochepa, wakuda kapena presha yatsika, ndiye oyilo wolimba amachedwanso kukwera kumtunda m'mawa. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga muzitani? Yambani ndi oyilo pa dipisitiki. Kenako mverani liwiro la phokosolo, camshaft (shafiti yotsegula mavalavu) imazungulira kamodzi crankshaft (shafiti yozungulitsidwa ndi mapisitoni) ikazungulira kawiri ndiye phokoso la mavalavu limayenda theka la liwiro la injini ndipo ndi lopepuka, pamene kugogoda kwa mabering'i ndi kolemera, gu gu gu kumunsi, kumakula injini ikanyamula katundu, mukamva kumeneko zimitsani. Tengani sikuludalaiva yaitali, nsonga pa kavala ya marocker chogwirira kukhutu, muzisuntha mpaka mupeze pomwe pakulira, samalani ndi fani ndi lamba. Chotsani kavala muone ngati oyilo akufika pa marocker onse komanso ngati pali rocker imene ikusuntha pang'ono kusiyana ndi zinzake, imeneyo ndiye kuti camshaft yadyeka. Yezani mpata ndi feeler gauge malinga ndi buku la injini yanu, pisitoni ili pamwamba pa kompuleshoni, ndipo mukamanga lokonati (nati yogwira sikuluwu yotchunira) yezaninso chifukwa imakonda kusuntha. Pushirodi yomwe mukuikayikira igubuduzeni pagalasi, yopindika imadumphadumpha. Onaninso pansi pa rocker, pakakumbika kadzenje feeler gauge imadutsa pamwamba pake nkukunamizani kuti mpata uli bwino, pamenepo kutchuna sikuthandiza, rocker yake ndi yosula kapena kusintha.