Katumba akakokeka pa mpira

Katumba, mnofu wa kumbuyo kwa mwendo, ndi mtolo wa timinofu tonga ulusi tomwe timafupika kuti chidendene chinyamuke. Mukathamanga mwadzidzidzi thupi lisanatenthe, makamaka m'mawa wozizira wa mu Juni kuno ku Lilongwe, tina timaduka, magazi n'kutayikira mkati. Kutupa kumachokera pamenepo.

Tulukani m'bwalo nthawi yomweyo. Kulungani ayezi m'kansalu, ikani pamalopo mphindi 15 mpaka 20, maola atatu alionse. Mangani bandeji mosathinitsa, mwendo utsamire papilo. Kuthowa ndi madzi otentha, komwe ambiri amathamangira, kumangowonjezera kutupa. Dikirani kaye masiku awiri.

Ngati munamva kuthetheka pafupi ndi chidendene ndipo mukulephera kuima ndi zala zakuphazi, pitani ku Kamuzu Central Hospital: mwina mtsempha wa Achilles, womwe umalumikiza katumba ku chidendene, waduka.