Impso zikavutitsa anthu angapo pabanja limodzi, yambani ndi BP

Bambo akamwalira atatupa miyendo, kenako mlongo wawo n'kupita chimodzimodzi, m'midzi yathu kuno ku Chipata zala zimathamangira kuloza agogo. Chonsecho nthawi zina ndi matenda akumtundu otchedwa ADPKD. M'kati mwa impso mumamera timatumba tamadzi tambirimbiri, timene timakula pang'onopang'ono mpaka kupanikiza mnofu wabwino. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka. Pafupifupi theka la odwala matendawa, impso zawo zimakhala zitalephera pofika zaka 60.

Gwero lake ndi tizinthu tachibadwa tiwiri, PKD1 ndi PKD2, timene asayansi anatipeza mu 1994 ndi 1996. Kuyambira pamenepo akhala akufufuza poti mankhwala angagwire kuti timatumbati tisakule. Anayesa sirolimus ndi everolimus, koma zotsatira za mu 2010 sizinasangalatse. Chimene chapindulako ndi kutsekereza vasopressin, homoni youza impso kuti zisunge madzi, imenenso imakulitsa timatumba. Mankhwala ake ndi tolvaptan, amene America inawavomereza mu 2018. Sachiritsa, amangochedwetsa. Ndi odula, amamwetsa madzi ndi kukodzetsa usiku wonse, ndipo chiwindi chimafunika kuchiyeza pafupipafupi. Musawadikire.

Zimene zili m'manja mwathu ndi izi. Pitani kukiliniki akakuyezeni BP ngakhale simukumva kalikonse, chifukwa kuthamanga kwa magazi kumayamba impso zisanaonetse vuto. Anamwino muwauze momveka kuti kwathu kuli matenda a impso, mupemphe kalata yokajambulitsa sikani ya m'mimba ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Akakupatsani mapiritsi a BP, musawasiye poti mutu waleka.

Mchere ndiye wandivuta ndikamayenda m'makomo. Tsiku lonse munthu asafike pa magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'ndiwo. Nsomba zouma zamchere muziviike kaye, madziwo mutaye. Soda wa mu delele nayenso amawerengedwa, amayi, choncho muzingotsina pang'ono. Kambale ka mchere pambali pa nsima kachoke.

Msana kapena m'nthiti mukawawa, Brufen ndi diclofenac zapakantemba zisiyeni, zimapweteka impso. Madzi imwani okwanira, makamaka mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo, pokhapokha adokotala atakuikirani muyezo. Mkodzo ukatuluka ndi magazi, kapena thupi likatentha pamodzi ndi ululu wa m'nthiti, kuchipatala n'kwa tsiku lomwelo.