Zocita ngati laputopu siizindikila kuti mwatseka civundikilo

Malangizo awa ndi a munthu amene laputopu yake imapitiliza kusewenza atatseka civundikilo: sikilini siizima, fani imalilabe, batili imatha makina ali citsekele. Vutoli lisanathe, musaike laputopuyo m'cola musanaizimiletu ndi Shut down. M'cola simupita mphepo, makina amatentha kwambili, ndipo kutentha kumakalambitsa batili msanga.

Mavuto apa ndi awili ngakhale amaoneka ngati limodzi. Nthawi zina laputopu imadziwa bwinobwino kuti mwatseka, koma inauzidwa kuti isacite kanthu, kapena imagona kenako cina n'kuiutsa. Nthawi zina siidziwa n'komwe, cifukwa kacipangizo kozindikila kutseka, kochedwa sensa, sikasewenza. Loyamba mungathetse nokha mphindi zocepa. Laciwili ndilo lingafune wokonza. Conco musathamangile kumasula masikulu musanadziwe kuti lanu ndi liti.

Yambani ndi zimene Windows inauzidwa. Tsegulani Control Panel, pitani pa Hardware and Sound, kenako Power Options, ndipo kumanzele dinizani Choose what closing the lid does. Pa mzele wa When I close the lid pali mabokosi awili: On battery, pamene makina akudya batili, ndi Plugged in, pamene ali pa chaja. Ngati palembedwa Do nothing, laputopu ilibe mlandu, ikungomvela. Sinthani mabokosi onse awili kuti akhale Sleep kapena Hibernate, cifukwa ambili amasintha limodzi n'kuiwala linzake, ndipo musacoke musanadinize Save changes.

Pa zosankhazo, ziwili zimasokoneza anthu. Sleep ndi tulo topepuka: nchito yanu imakhala mu RAM, mosungila zinthu mwa kanthawi makina ali oyaka, makina amadyabe moto pang'ono, ndipo mukatsegula amauka nthawi yomweyo. Hibernate imakopela zonse za mu RAM pa disiki, kenako makina n'kuzimilatu. Imacedwako kuuka, koma batili siitha. Kwa amene amayenda ndi laputopu m'cola, ine ndimalimbikitsa Hibernate.

Poyesa, cotsani zonse zolumikiza: sikilini yaciwili, mausi, kiyibodi, doko (cipangizo columikizilapo laputopu ku sikilini ndi zina). MacBook imene ili pa chaja ndiponso yolumikizidwa ku sikilini yakunja imapitiliza kusewenza civundikilo cili cotseka, ndipo anaipanga dala conco. Linux nayo kawilikawili siigona ngati ili pa doko. Mausi yopanda waya ikagwedezeka ingautse makina amene anagona kale. Kuti mudziwe cimene cinautsa Windows, tsegulani Command Prompt ndi kulemba powercfg /lastwake. Lembaninso powercfg /a. Mukaona mau akuti S0 Low Power Idle, laputopu yanu ili ndi kagonedwe kamakono kochedwa Modern Standby, kamene makina sagona tulo tofa nato, moti angakhale ofunda ngakhale anazindikila kutseka. Apanso mankhwala ake ndi Hibernate.

Ngati mzele wa When I close the lid sukuonekanso, Windows siikuona civundikilo. Mu Device Manager tsegulani System devices ndi kufuna ACPI Lid. Ikakhala ndi cizindikilo cacikasu, dinizani Uninstall device, kenako Restart. Windows idzaibwezela yokha. Pa Linux kuyesa ndi kosavuta. Mu Terminal lembani sleep 10; cat /proc/acpi/button/lid/*/state, tsekani civundikilo, dikilani pang'ono, tsegulani. Mukapeza closed, sensa ili bwino, ndipo kaoneni mzele wa HandleLidSwitch mu /etc/systemd/logind.conf. Mukapeza open, makina sanamve kanthu.

Tsopano tifike pa sensa, pamene pagona nkhani. Malaputopu akale anali ndi kabatani kapulasitiki pafupi ndi hinji, kamene civundikilo cinali kudiniza potseka. Kameneko kamamatila ndi fumbi, ndipo kukapukuta ndi kukagwedeza pang'ono kumakwanila. Ambili a masiku ano alibe batani lililonse. M'mphepete mwa sikilini anabisamo kamaginito kakang'ono, ndipo m'munsi, pambali pa kiyibodi kapena pamene mumaika manja, muli sensa yochedwa Hall, dzina locokela kwa Edwin Hall amene anatulukila mfundo imene sensayi imayendela mu 1879. Sensayo siiona ndipo siikhudza ciliconse. Imangomva mphamvu ya maginito ikayandikila. Pa makina ena anasinthanitsa, maginito m'munsi, sensa ku sikilini. Ziwilizi zikapanda kukumana, laputopu imaganiza kuti ikali yotsegula.

Kuti mupeze maginito, tengani kawaya kopanila mapepala, kayendetseni pang'onopang'ono m'mphepete mwa sikilini, osati pa galasi. Pamene kakakamile, pamenepo pali maginito. Musanyengedwe ndi masipika, nawonso ali ndi maginito ndipo amakoka kawayako. Mukapeza malowo, onani pamene amagwela m'munsi mukatseka. Sensa ili capomwepo.

Ndiyeno, laputopu ili yoyaka ndi yotsegula, nchito yanu mutasunga kale, tengani kamaginito kofooka, ngati kaja komata pa filiji, n'kukayendetsa pamalopo. Musafulumile, sensa ndi yaing'ono ndipo mungaidumphe. Pakapanda kucitika kanthu, tembenuzani kamaginitoko muyesenso, cifukwa masensa ena amamva mbali imodzi cabe. Sikilini ikazima, sensa ndi yamoyo, ndipo vuto ndi maginito a m'civundikilo: anagwa, anasuntha, kapena hinji inakhota moti civundikilo sicifikanso pansi. Izi zimacitika kawilikawili laputopu ikagwa, kapena ikasinthidwa sikilini, wokonza n'kuiwala kusamutsa maginito kucoka pa cimango cakale. Ngati sikilini siizima paliponse, kaikilani sensa kapena kawaya kake.

Cenjezo: musasewenzetse maginito amphamvu, makamaka ngati laputopu ili ndi disiki yozungulila ya HDD. SSD siivutika ndi maginito, koma musaike zithunzi ndi makalata anu paciswe cifukwa cofuna kuyesa.

Pali vuto lina lotembenuka la lomweli: laputopu imene imagona yokha mukulemba. Onani dzanja lanu. Lamba wa wochi wokhala ndi maginito, foni yoikidwa pambali pa kiyibodi, kapena laputopu ina imene mwaikhazikapo, zonsezi zingapusitse sensa kuti mwatseka.

Musanapite kwa wokonza, yesani ziwili izi. Zimani makina, cotsani chaja ndi batili ngati imacoka, dinizani batani loyatsila kwa masekondi 30, kenako bwezelani zonse. Izi zimayambitsanso kacipu kochedwa embedded controller, kamene kamalandila uthenga wa sensa. Caciwili, lowani mu BIOS, pulogilamu ya m'kati imene imayamba makina akangoyaka, Windows isanatseguke. Malaputopu ena a Dell ali ndi posankha pochedwa Enable Lid Switch, ndipo pakakhala pozima civundikilo sicimveka. Mukafuna kuika BIOS yatsopano, itengeni pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo basi, batili ikhale yodzala, chaja ikhale yolumikiza, ndipo musazime makina pakati pa nchitoyo. BIOS ikadukila panjila, laputopu ingakane kuyakanso.

Kutsegula m'kati musiyile wodziwa, makamaka ngati walanti ikalipo, cifukwa makampani ena sakonzanso mahala makina amene munthu anawononga potsegula. Amene mwazolowela nchitoyi, cotsani waya wa batili musanakhudze cina ciliconse, ndipo onani kaye kawaya kopyapyala ka sensa, popeza nthawi zina kamangokhala kuti kasomoka. Kwa wokonza, fotokozani zimene munapeza ndi maginito aja kuti asayambe ndi kufafaniza Windows yanu pacabe. Podikila, bwelelani pa tsamba lija la Power Options, ndipo pa When I press the power button sankhani Hibernate. Muzidiniza batanilo, kudikila magetsi onse azime, ndiyeno n'kutseka.